Lift kit ya mainchesi 2 pa Hilux yanga, mmene yayendera patatha chaka ndi miyezi itatu

Anzanga akhala akundifunsa kuti kodi kukweza galimoto kuja kunakuthandiza kapena unangotaya ndalama, nde ndati ndilembe kamodzi zonse, chifukwa pano ndayendera mokwanira, mumatope, m'miyala, mumchenga ndi pa tala pomwe. Dzina la kampani yomwe inapanga kit yanga, zida zokwezera galimotozo, sinditchula, zomwe ndikunenazi zikukhudza ma kit onse a mtundu umenewu, kaya ndi Old Man Emu ya a ARB aku Australia, kaya Ironman 4x4, Dobinsons, Tough Dog kapena mashoko a Bilstein aku Germany, mfundo zake ndi zomwezo.

Galimoto yake ndi Hilux double cab 4x4 ya 2011, mtundu uja ambiri amati Vigo. Izi ndizofunika kuzidziwa poyamba chifukwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto imeneyi ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Kutsogolo tayala lililonse limasewera palokha, pali ma control arm awiri, zitsulo zogwirizitsa tayala ku chesisi, wam'mwamba ndi wam'munsi, shoko ili mkati mwa sipuling'i yopotana ija. Kumbuyo kuli ekiselo imodzi yolimba yokhala pa ma leaf spring, masipuling'i a zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana aja. Ine ndinali nditaika bull bar yachitsulo yotchinga kumaso kwa galimoto ndi winchi yodzikokera ikatitimira, zonse pamodzi pafupifupi makilogalamu 80 olendewera kumphuno, nde galimoto inkaoneka ngati ikufuna kugwada, ukadutsa pa kadzenje kakang'ono umangomva gu! chitsulo chotchinga injini chija chakhula pansi. Mashoko analinso atatha, ukaponda buleki mutu kumira, ukadutsa pa bampu galimoto kumangogwedera kawiri katatu isanakhazikike.

Njira zokwezera zilipo zitatu ndipo anthu amazisokoneza. Pali body lift, pomwe amaika timabuloko pakati pa bodi ndi chesisi, bodi imakwera koma chesisi imakhala pomwe inali, nde kunsi kwa galimoto simunapindule kanthu kupatula malo a matayala akuluakulu. Pali ma spacer, zitsulo zomwe amaika pamwamba pa shoko yakutsogolo, galimoto imakweradi, ndipo chifukwa cha mmene control arm imagwirira ntchito imakwera kuposa kukhuthala kwa spacer yo, koma sipuling'i ndi shoko ndi zakale zomwe zija, ngati zinali zotopa zikhalabe zotopa. Ine ndinasankha yachitatu, kusintha zonse: mashoko anayi, masipuling'i awiri akutsogolo, ma leaf spring akumbuyo, ma U-bolt atsopano omangira ma leaf ku ekiselo, mabushi a labala ndi ma shackle, tizitsulo tolumikiza mapeto a ma leaf ku chesisi, okhala ndi pothirira girizi. Yokweza mainchesi 2, omwe ndi mamilimita 50 ndi kakang'ono pamwamba.

Chomwe ndikufuna mumvetse bwino musanatulutse ndalama ndi ichi, kit imeneyi sikweza difu yakumbuyo, chibumi cha magiya chapakati pa ekiselo chija, ngakhale pang'ono. Ekiselo yakumbuyo imakhala pa matayala, masipuling'i ali pamwamba pake, nde mukhoza kukweza bodi mpaka kumwamba koma chibumi cha difu chija chikhalabe pamtunda womwe chinali kuchokera pansi. Chomwe chimakweza difu yakumbuyo ndi tayala lalikulu basi. Ine ndinachoka pa 265/70R16 kupita pa 265/75R16, ukawerengera loyambalo ndi mamilimita pafupifupi 777 kutalika, lachiwirilo pafupifupi 804, kusiyana kwake 27, ndipo pansi pa difu umangopeza theka lake, 13 yokha. Ndi zochepa eti? Koma m'mikwaso yakuya ya matope momwe matayala amalowa n'kusiya chimtumbira pakati, 13 imeneyo ndiyomwe imasiyanitsa wodutsa ndi wokhala pamimba. Zomwe lift imakweza ndi mimba ya galimoto, mphuno ndi matako, ndiye kuti potsika mumtsinje kapena pokwera chigwembe bampala sikhulanso, komanso kutsogolo difu imakwera limodzi ndi chesisi chifukwa inamangiriridwa kumeneko.

Pomwe ndinakhalitsa kwambiri posankha ndi pa kulimba kwa masipuling'i, ndipo ndikuona kuti apa ndi pomwe kit imakoma kapena kuipa. Makampani amagulitsa masipuling'i potengera katundu yemwe amakhala pagalimoto nthawi zonse, osati yemwe mumanyamula kamodzi pachaka. Kutsogolo pamakhala a galimoto yopanda kanthu, a bull bar yokha, ndi a bull bar ndi winchi. Kumbuyo pamakhala opepuka, apakati, ndi a katundu wolemera wosatsika. Mtima umakuuza kuti tenga olimba kwambiriwo kuti usadzavutike, koma mukaika ma leaf a katundu wolemera pa galimoto yomwe masiku ambiri imayenda yopanda kanthu, msana wanu ndi womwe umasanduka shoko, galimoto imadumpha ngati ngolo ndipo pa msewu wa mabampu ang'onoang'ono otsatizana aja matako amathawira m'mbali chifukwa matayala sakugwira pansi bwino. Ine ndinakaikweza pa sikelo galimotoyo, kutsogolo payokha kumbuyo payokha, ili ndi zonse zomwe imakhala nazo tsiku ndi tsiku, canopy, bokosi la zida, tayala lapadera lachiwiri, kenako ndinatenga olimba kutsogolo ndi apakati kumbuyo. Mpaka lero sindinanong'onezepo bondo pa chisankho chimenecho. Dziwaninso kuti masipuling'i olimba sawonjezera kulemera komwe galimoto ikuloledwa kunyamula, nambala yomwe opanga galimoto analemba ija imakhala yomweyo, mabuleki ndi ma bearing ndi omwe aja.

Mashoko ndinatenga a twin tube, a zitini ziwiri, a gasi wa nitrogen. A monotube, a chitini chimodzi, amataya kutentha msanga, ndi abwino kwa munthu wothamanga maola ambiri pa msewu wa fumbi, koma mwala ukatibula chitini chake ntchito yatha chifukwa pisitoni imayenda m'chitini chomwecho, pomwe twin tube ili ndi chitini chakunja chotchinjiriza. Aja okhala ndi kathanki kapadera pambali ndi abwino koma pa mayendedwe anga sanali ofunika.

Tsopano kumanga. Ndisanayambe ndinayeza ndi tepi kuchokera pakatikati pa habu mpaka pa mlomo wa madigadi, matayala onse anayi, n'kulemba pa pepala, osayeza kuchokera pansi chifukwa mpweya wa m'tayala umanamiza. Zakumbuyo ndinathandizana ndi makaniko wina, ndipo ndikuuzeni, mabawuti akale a ma shackle anali atagwirana ndi dzimbiri moti limodzi tinachita kulidula ndi gilayinda titalithira mafuta usiku wonse osatheka. Zakutsogolo, kuika sipuling'i pa shoko, musayesere ndi tizida totchipa tija tokokera sipuling'i, sipuling'i ya galimoto yolemera chonchi ikapulumuka ikhoza kuthyola dzanja kapena kupha munthu, ine ndinapita nazo kwa omwe ali ndi makina omangirira kukhoma. Ndipo galimoto ikhale pa ma stand achitsulo, osalowa pansi pa galimoto yomwe yangokhala pa jeke.

Vuto lomwe ndinakumana nalo linali la kamangidwe, osati la kit. Tsiku lomaliza ndinachokapo kanthawi, pobwera ndinapeza makaniko uja atamangitsa kale mabawuti onse galimoto ikadali m'mwamba matayala akulendewera. Ndinamufunsa kuti achimwene, mabawuti a mabushiwa mwamanga galimoto ili pansi? Iye anati abwana musadandaule, bawuti ndi bawuti, ikalimba yalimba. Ine ndinangovomera, nthawi inali itatha. Patangotha miyezi iwiri kunayamba kaphokoso kutsogolo kumanja, kwi kwi pa bampu iliyonse, nditalowa pansi ndi tochi ndinaona bushi ya pansi pa shoko itang'ambika mozungulira, labala itatuluka m'mbali ngati yatafunidwa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva, bushi ya labala sizungulira pa bawuti, imapotoka. Mukaimanga tayala likulendewera kenako n'kutsitsa galimoto, labala ija imakhala yopotoka kale galimoto itangoima, nde ikagunda bampu imapotoka kupitirira malire ake. Mabawuti onse odutsa mu bushi ya labala amayenera kumangitsidwa galimoto itatsika, kulemera konse kuli pa matayala, ndipo ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa nambala yomwe buku la galimoto likunena. Ndinasintha mabushi, ndinamanganso ndekha moyenera, phokoso silinabwererenso.

Ma U-bolt nawo musabwezeretse akale, amakhala atatamuka kale, ndipo atsopanowo muwabwereze kumanga mukayenda makilomita pafupifupi 500 chifukwa ma leaf akamakhazikika manati amamasuka. Anga nditabwereza, nati iliyonse inazungulirako ndithu isanalire torque wrench. Onaninso mapaipi a labala a mabuleki ndi mawaya a ABS, makina oletsa matayala kuloka pogwira buleki, tayala likalendewera mpaka mapeto, asakokeke. Kwa omwe muli ndi ma pickup akale opanda ABS, kumbuyo kumakhala kavalavu koyeza katundu n'kugawa mphamvu ya mabuleki, mukakweza galimoto osakonza kachitsulo kake, kavalavuko kamaganiza kuti kumbuyo kwapepuka n'kuchepetsa buleki yakumbuyo, nde pamafunika bulaketi yobwezera pamalo pake.

Alayinimenti ndiyosakambirana, tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mukakweza kutsogolo kwa galimoto ya mtundu uwu camber ndi caster, ngodya za kaimidwe ka matayala akutsogolo, zimasokonekera, caster ikachepa chiwongolero chimapepuka, galimoto imayendayenda mumsewu ndipo ukakhota sichibwerera chokha pakati. Pa mamilimita 50 yanga inatheka kubwerera m'malire ndi mabawuti osinthira omwe ali pa control arm ya m'munsi, ngakhale anafika pafupi ndi mapeto. Ndi chifukwa chake ndinakana mainchesi 3 ngakhale ankandikopa maonekedwe. Mukapitirira apo mumayamba kufuna ma control arm am'mwamba atsopano chifukwa ball joint, cholumikizira chomwe tayala limakhotera, imafika pothera, mumafuna zotsitsira difu yakutsogolo kuti ma CV, zolumikizira zopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo, asapindike kwambiri, ndipo tayala limatsala ndi kamtunda kochepa kotsikira m'dzenje, nde m'malo mogwira pansi limangolendewera m'mwamba. Galimoto yokwera kwambiri koma tayala silikufika pansi ili ndi phindu lanji kutchire?

Zotsatira zake, itangotsika pa ma stand inakwera mamilimita 55 kutsogolo ndi 65 kumbuyo, patatha miyezi iwiri masipuling'i atakhazikika inatsikira pa 48 ndi 56, ndipo yakhala pomwepo. Kayendedwe kasintha kwambiri abale, pa msewu wa miyala galimoto imameza bampu kamodzi basi n'kukhazikika, ukaponda buleki mphuno simiranso. Pali potsikira mumtsinje pena pomwe kale ndinkachita kutsika kukaika miyala kuti tow bar isakole, ulendo wapitawu ndinadutsa pang'onopang'ono mu low range, giya yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono, ndikumvetsera kuti mwina ndimva kukhula, zii, palibe chomwe chinagunda, mwana wanga wamkulu anali panja akundilozera, anangokweza chala chachikulu akumwetulira.

Zoipa zake ziliponso ndipo sindibisa. Galimoto yokwera imapendama kwambiri pokhota, pa malo otsetsereka cham'mbali mtima umakwera m'mwamba kuposa kale, nde ndinachepetsa katundu wa padenga ndipo pa makona ndimachepetsa liwiro msanga. Mafuta imamwako kuposa kale, makamaka chifukwa cha matayala, pokwera phiri ili ndi katundu ndimasintha giya msanga. Sipidomita imawerenga mochepa ndi pafupifupi 3 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi mmene inkawerengera pa matayala akale. Kunabweranso kanjenjemera pang'ono poyamba kuyenda, kochokera ku propshaft, chitsulo chopititsa mphamvu ku difu yakumbuyo, chifukwa ngodya yake inasintha, kanatha titaika ka spacer pa centre bearing yomwe imagwira propshaft pakati. Magetsi akutsogolo ndinachita kuwawongolanso chifukwa galimoto itasintha kaimidwe nawonso anayamba kuloza kwina. Ma shackle aja amafuna girizi pafupipafupi makamaka mukadutsa m'madzi, mukaiwala amayamba kulira. Ndipo amayi akunyumba amadandaula pokwera, mpaka ndinaika chopondera.

Musaiwale kuwauza a inshuwalansi kuti galimoto mwaisintha, komanso fufuzani malamulo a dziko lomwe mukuyendamo chifukwa mayiko ena ali ndi malire a mmene mungakwezere popanda chikalata cha injiniya.

Kodi ndingaigulenso? Eya, yomweyi, mainchesi 2 omwewa ndi masipuling'i omwewa, kungoti ulendo uno pomanga mabawuti omaliza sindingachokepo. Mlungu wathawu ndinalowanso pansi kuona ma CV boot, malabala ophimba ma CV, lakumanzere layamba kuonetsa timing'alu m'makwinya mwake ngakhale silinatulutse girizi, ndaitanitsa kale awiri atsopano kuti ndisinthe onse mvula isanayambe.