Kosi ya uphungu ya miyezi itatu ku Chipata: nyenyezi ziwiri basi

Ndadikira dala kuti satifiketi ifike kaye m'manja mwanga ndisanalembe izi, chifukwa amayi a ku ofesi ya malipiro aja ndimawadziwa, akanaikhalira. Dzina la sukulu sinditchula. Amene munalipirapo K3,500 ija, kenako n'kuuzidwa za K400 ya atachimenti (masabata okaphunzira ntchito pa kiliniki) imene pa chikwangwani panalibe, mwaizindikira kale.

Ndinalembetsa psychosocial counselling, uphungu wothandiza anthu pa mavuto a mumtima ndi a m'moyo, chifukwa amayi a ku mpingo kwathu ku Kapata amabwera kwa ine ndi nkhani za m'banja, ndipo ndinatopa ndi kumangowauza kuti pirirani. M'kalasi tinali anthu opitirira 40, manotsi pa WhatsApp, zonse m'Chingerezi. Tinaloweza mfundo zitatu za Carl Rogers, katswiri wa za uphungu: kumva mmene mnzako akumvera, kumulandira osamuweruza, ndi kusadzinamizira. Tinaloweza SOLER, kakhalidwe ka pampando ndi kayang'anidwe ka m'maso. Mayeso ndinakhoza bwino ndithu.

Sabata yachiwiri ya atachimenti anandisiya ndekha m'kachipinda ka pa kiliniki ina ya m'njira ya ku Lundazi. Tebulo, mipando iwiri, katoni ya makondomu pakona, katani yong'ambika. Munalowa mayi wachitsikana, mwana kumbuyo. Magazi anali atayezedwa kale, ine yanga inali kumuuza kuti amupeza ndi HIV. Ndinamuuza monga mwa manotsi. Sanalire. Anamasula chitenje pang'onopang'ono, n'kutsitsa mwana uja, n'kumuika pamiyendo panga. Akuti, "Uyu ali ndi ambuye ake kumudzi. Ine ndafika pothera."

M'mutu mwanga munali funso limodzi lokha lija tinkaliimba m'kalasi ngati nyimbo, ndipo pakamwa linatuluka kuti, "Ndiye mukumva bwanji?" Anandiyang'ana n'kuyankha kuti, "Mutu sukuwawa, madamu." Manyazi amenewo mpaka lero. Ku chipatala kuno ukafunsa munthu choncho ndiye kuti ukufunsa za m'thupi, ndipo miyezi itatu yonse palibe mphunzitsi anatikhazika pansi kuti tipeze mawu athu ofunsira za mumtima. Ndinaimbira bambo amene sukulu inati ndi otiyang'anira, foni yozima. Bambo omwewo anali atasaina kale logbook yanga, buku lolembamo ntchito ya pa atachimenti, masabata onse anayi tsiku loyamba, ataimirira pa geti, injini ya njinga yamoto ikulira.

Anandipulumutsa ndi a Sisita achikulire a pa kiliniki pomwepo, amene anaphunzira ku koleji ya zaumoyo ya Chainama ku Lusaka kalekale. Sanakhale pampando wanga. Anakokera benchi pafupi ndi mayi uja, ananyamula mwana, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa mosazungulira: "Mwana wanga, ukuganiza zodzipha?" Ine mtima unangoti phwii, poti ndinkayesa kuti ukatchula mawuwo ndiye wamupatsa nzeru. Mayi uja anagwedeza mutu kuvomera, ndipo apo m'pamene analira. A Sisita anamufunsa amene amamukhulupirira, anaitanitsa mkulu wake pa foni, anamufotokozera kuti masiku ano ma ARV amayamba tsiku lomwelo ndipo mwana naye ayezedwa, ndipo sanamulole kutuluka pa geti yekha. Anamulembera 933 ya Lifeline, nambala ya foni ya aphungu, kuseri kwa kadi. Cha m'ma 17 hours ndi pomwe anandiitana ine, n'kundiuza kuti kufunsa sikupha munthu, ndipo wophunzira sasiyidwa yekha ndi nkhani yotere. Anandipatsanso tiyi. Ndinali kunjenjemera.

Kunena chilungamo, si zonse zinali zoola. Kunali madamu amodzi a Loweruka amene anatiphunzitsa kusunga chinsinsi mwamphamvu, mpaka anatulutsa m'kalasi mnyamata amene anafotokoza nkhani ya mnansi wake ndi dzina lomwe. Ndi iwonso anatiuza za Mental Health Act ya 2019, imene inalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda la 1949 lotchula odwala maganizo ndi mayina achipongwe. Tsiku lina anatigawa awiriawiri, wina phungu wina wobwera ndi vuto, m'Chinyanja, iwo akuzungulira n'kumatidula pakamwa tikayamba kulalikira. Ine anandidula katatu. Tsiku limenelo ndi lokhalo limene munthu anandimvetsera ndikupereka uphungu, ndipo nyenyezi ziwirizi ndi zawo. Akanawapatsa Loweruka lililonse bwenzi ndikulemba zina.

Ngati mukufuna kulembetsa, musanatumize ndalama pa Airtel Money funsani mapepala a TEVETA (bungwe lovomereza masukulu a luso) kapena a Zambia Counselling Council (bungwe la aphungu), muwaone ndi maso. Funsaninso kuti pa atachimenti adzakhala nanu m'chipinda ndani, kangati. Ine sindinafunse.

Satifiketi ija yabwera patatha miyezi isanu, nditakwera njinga kupita ku ofesi kuja maulendo asanu ndi limodzi. Dzina langa alilakwitsa chilembo chimodzi. Amayi aja, osadzutsa n'komwe mutu pa foni yawo, akuti kukonza ndi K150.