Sefaria: Nkhokwe ya Mabuku Achiyuda kwa Wophunzira Chihebri

Kwa munthu amene akufuna kuwerenga mapemphero a Ayuda m'chilankhulo chawo, Sefaria ndi pulogalamu imene ndingailimbikitse ndi mtima wonse. Anaiyambitsa ndi Brett Lockspeiser ndi Joshua Foer, ndipo imapezeka mwaulere pa intaneti komanso pa foni.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mmene mabuku alumikizidwira. Mukakhudza vesi la Shema pa Deuteronomo 6:4, limene Ayuda amalitchula m'mawa ndi madzulo, pambali pamatuluka ndemanga za Rashi, mphunzitsi wa ku France amene anamwalira mu 1105, pamodzi ndi malo amene amakamba za vesilo mu Talmud, mabuku akale a ziphunzitso ndi malamulo a Ayuda. Wowerenga amathanso kuonetsa kapena kubisa timadontho ta mavawelo ndi zizindikiro zoimbira Malemba, ndipo zimenezi zimathandiza amene wangodziwa kumene zilembo 22 za Chihebri, zowerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Buku la mapemphero, lotchedwa Siddur, lilimo m'miyambo ya kapempheredwe ya magulu osiyanasiyana a Ayuda, yotchedwa Ashkenaz, Sefard ndi Edot HaMizrach.

Zolemba za Kabbalah, ziphunzitso za Ayuda zokhudza zinsinsi zauzimu, ziliponso, kuphatikizapo buku la Zohar, koma woyamba kumene asathamangireko, chifukwa mbali yaikulu ya bukuli inalembedwa m'Chiaramu, osati m'Chihebri.

Komabe, Sefaria ndi laibulale, si mphunzitsi wa galamala, choncho amene sanadziwe alefu ndi beti (zilembo zoyamba za Chihebri) ayambe wapeza womuphunzitsa, kenako adzayambe ndi Masalimo afupiafupi monga Salimo 117.