NCE Power Cab: mitu iwiri ya sitima m'dzanja limodzi

Njanji yanga ya sitima zing'onozing'ono ili m'chipinda chapadenga kuno ku Nottingham. Ndi ya saizi ya OO, imene ambiri ku Britain amakonda, ndipo ndimaiyendetsa ndi Power Cab, chipangizo chogwira m'manja cha kampani ya NCE ya ku America. Ndikufuna ndikuuzeni za ntchito imodzi yokha ya chipangizochi: kumanga mitu iwiri kapena itatu kuti ikoke mabogi ngati sitima imodzi.

Chimene chinandiyambitsa ndi ma Class 20. Mitu imeneyi, yopangidwa ndi English Electric kuyambira 1957, ili ndi chipinda cha dalaivala mbali imodzi yokha. British Rail inkakonda kuimanga iwiriiwiri, mphuno ndi mphuno, kuti dalaivala aziona bwino kutsogolo, ndipo inakoka malasha ambiri m'chigawo chino cha East Midlands. Class 20 ikakhala yokha sioneka yokwanira kwa ine. Amene munaimapo ku Liwonde n'kuona sitima ya malasha a ku Moatize ikupita ku Nacala, mitu ingapo ikubuula pamodzi, mukudziwa kukoma kumene ndikunena.

Mu DCC, njira ya digito yoyendetsera sitima zing'onozing'ono imene Power Cab imagwiritsa ntchito, magetsi amakhala m'njanji nthawi zonse, ndipo mutu uliwonse uli ndi decoder, kachipangizo kolandira malamulo, yokhala ndi nambala yakeyake. Ukaitana nambalayo, mutu umenewo ndiwo umayenda. Kuti iwiri imvere lamulo limodzi, imapatsidwa nambala yachiwiri yogawana, imene imasungidwa pamalo otchedwa CV19 (ma CV ndi malo a manambala mu decoder osungira makonzedwe a mutu). Nambalayi imakhala pakati pa 1 ndi 127, ndipo mutu umene wayang'ana kumbuyo umawonjezeredwa 128 kuti uziyenda chafutambuyo.

Apa ndi pamene Power Cab inandigwira mtima. Masamu amenewa simuwachita ndinu. Pali mabatani anayi a ntchito imeneyi: SETUP, CLEAR, ADD ndi DEL. Mukadina SETUP, kasikirini kake kamakufunsani nambala ya gululo, kuyambira pa 127 kumatsika. Kenako kamafunsa mutu wotsogolera ndi kumene wayang'ana, mutu wakumapeto ndi kumene wayang'ana, ndiyeno ina yapakati ngati ilipo. Zonsezi zimachitikira panjanji yomweyo, osanyamula kanthu. Chinanso chokoma: simufunika kukumbukira 127 ija. Mukaitana nambala ya mutu wakutsogolo, gulu lonse limayankha. Mukafika kumapeto kwa njanji n'kuitana wakumbuyo uja, iwo ndiwo umasanduka wotsogolera. Kwa ma Class 20 anga, zimenezi n'zofanana ndendende ndi dalaivala kutsika m'chipinda china n'kukakwera chinacho.

Koma anzanga, kumanga gulu ndi ntchito ya mphindi imodzi. Ntchito yeniyeni ndi kulinganiza liwiro, ndipo palibe batani limene lingakuchitireni. Mitu yanga iwiriyo ndi yofanana maonekedwe, koma wina ndinaugula wogwiritsidwa kale ntchito, uli ndi decoder ya mtundu wina. Nditaimanga koyamba zinali ngati ng'ombe ziwiri zosazolowerana pagoli: wina akukoka, mnzake akukanirira, mawilo akupala njanji. Zikamatero mota imatentha ndipo mabogi opepuka amatha kuchoka panjanji pokhota.

Njira imene imandithandiza ndi iyi. Ndimaika mitu yonse panjanji imodzi yozungulira, yosamangirirana, pakati pake mpata wa chikhatho. Ndimaiyendetsa pamodzi n'kumayang'ana mpatawo. Ukamachepa kapena kukula, ndimasintha mutu wothamanga kwambiriwo, chifukwa wochedwa sungaukakamize kupitirira mphamvu yake. Ndimayamba ndi CV5, imene imaika liwiro lapamwamba, kenako CV2 ya poyambira, ndiyeno CV6 yapakati. Pomaliza CV3 ndi CV4, za kunyamuka ndi kuima, ziyenera kugwirizana. Apo ayi, mitu yoyenda mofanana bwinobwino imakankhana ikamaima pasiteshoni. Power Cab imalola kusintha ma CV amenewa mutu uli panjanji yaikulu, ndiye zotsatira mumaziona pompo. Ndi ntchito ya madzulo onse, koma ndi madzulo okoma. Ngati ikulimbanabe, onani back-EMF, kaja kamene decoder imadziwonjezera mphamvu ikamva kulemera. Ma decoder awiri akamachita zimenezi aliyense payekha amapikisana, ndipo kuchepetsako kumathandiza.

Za nyali ndi phokoso musaiwale CV21 ndi CV22. Ndizo zimanena kuti ndi mabatani ati amene mutu uzimvera ukakhala m'gulu.

Pali zinthu ziwiri zoti mudziwe musanagule. Mphamvu yake ndi pafupifupi ma amp 2. Kwa mitu iwiri kapena itatu yamakono ya OO ndi yokwanira, ndipo mungathe kuika kasikirini kaja kuti kazionetsa magetsi amene akugwiritsidwa ntchito. Wofuna magulu angapo a mitu yaphokoso nthawi imodzi adzafunika kuwonjezera booster, chipangizo chowonjezera mphamvu ya magetsi. Chachiwiri, ubongo wonse uli m'chogwirira chomwecho, ndiye mukazula chingwe chake njanji yonse imazima. M'kachipinda ngati kanga si nkhani, koma panjanji yaitali ganizirani bwino pomwe mudzaike polumikizira.

Ndipo musanatenge mutu kupita nawo kwa mnzanu kapena kukalabu, phwasulani gululo ndi CLEAR mitu yonse ili panjanji. CV19 imakhala mu decoder, osati mu Power Cab. Mutu umene watsala ndi nambala yagulu umayatsa nyali koma osasuntha mukauitana ndi nambala yake, ndipo munthu amayamba kuganiza kuti wafa. Lembani 0 mu CV19, uyendanso.