Wax kapena ceramic coating pa penti ya galimoto yatsopano?

Wax wa carnauba (phula lochokera ku masamba a mtengo wa kanjedza) ndi wotchipa ndipo mutha kupaka nokha. Tsukani galimoto ndi shampu yake, osati sopo wa mbale, iumitseni ndi nsalu ya microfiber, pakani mopyapyala pamthunzi, kenako pukutani akayamba kuyera. Koma sakhalitsa: pakatha miyezi 2 kapena 3 amakhala atatha.

Ceramic coating, mankhwala amadzimadzi amene amauma n'kukhala chophimba cholimba pa penti, imapirira zaka 2 kapena kuposerapo, n'chifukwa chake imayenera galimoto yogona panja. Imafuna kusamala kwambiri. Penti ipolishidwe kaye, ipukutidwe ndi isopropyl alcohol (spiriti yochotsa mafuta), apo ayi timikwingwirima tonse timatsekeredwa pansi pake. Mukapaka ceramic coating n'kuchedwa kupukuta, imauma mawangamawanga ochoka pokhapokha mutapolishanso. Isanyowe kwa maola 24.

Timiyala togenda boneti, zonse ziwirizi sizititchinga. Pamenepo pamafunika pulasitiki yoonekera yomata pa penti, yotchedwa PPF (paint protection film).