Chikwama chasiponji, chubu cholimba kapena bokosi lapadenga: maski atsopano tiwanyamulire muti?

Maski anga oyamba kugula atsopano (ma ski, timatabwa titalitali totsetserekera pa sinowo) ndinawatulutsa m'chikwama ku Chamonix, ku France, ali ndi mzere wokalika kuchokera pafupi ndi binding, chogwira nsapato pa ski, mpaka kumchira. Ndinali ndisanawapondetse pa sinowo ngakhale kamodzi. Mtima unandiwawa, ndipo ndinathamangira kuloza chala onyamula katundu kubwalo la ndege. Koma usiku womwewo nditachitembenuza chikwama uku ndi uku, ndinapeza kuti sichinang'ambike paliponse. Chondiwonongera chinali mkati momwemo: nsonga ya ndodo yoyendera pa maski imene ndinangoiponyamo osaikulunga inayenda ulendo wonse ikukanda.

Ndayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa anzanga ambiri kuno ku Britain akagula maski amafunsa funso limodzi, lakuti agule chikwama chiti. Funsolo ndi labwino, koma pali lina lofunika kuliyankha kaye: n'chiyani chimakala ski? Kunsi kwa ski kuli pulasitiki yofewa yotchedwa P-tex, imene imamwa phula kuti ski iziterera. M'mbali mwake muli timizere tachitsulo, ma edge, takuthwa ngati mpeni wongonola kumene. Ski ina ikamasuntha pa inzake, edge ya iyi imasema P-tex ya inayo, kapena kubenthula utoto wapamwamba. Onjezanipo mabuleki a binding (tizitsulo toimitsa ski ikachoka kuphazi), zomangira zachitsulo za nsapato ndi nsonga za ndodo, muona kuti mdani wamkulu mumamutsekera nokha mkati ndi zipi.

Choncho musanasankhe chonyamulira, maskiwo amangidwe kaye. Agundanitseni mimba ndi mimba, kunsi ndi kunsi, ndipo muike timalamba ta velcro tokhala ndi kasiponji pakati, kamodzi kumutu, kena kumchira, penipeni pamene maski amakhudzana. Kasiponjiko ndiko kamaletsa zitsulo kukhulana. Malamba a mphira a Voile amagwira mwamphamvu kuposa velcro, koma alibe chotchinga pakati, ndiye ine ndimalowetsapo kachidutswa ka katoni. Amene mulibe zonsezi, dulani chubu chakale cha njinga, mupeze zingwe zija timamangira katundu pa kaliyala kumudzi. Zimagwira bwino kwambiri, ndipo ndi zimene ndimakokera nazo mabuleki m'mwamba kuti asasongoke m'mbali. Ma binding ndimawakulunga ndi chitenje chakale kawiri katatu, ndipo nsonga za ndodo ndimaziveka sokosi yokhuthala.

Tsopano zonyamulirazo. Chikwama chopyapyala chopanda siponji, chija ena amapatsidwa m'sitolo pogula maski, tisatayirepo nthawi. Chimateteza fumbi ndi madzi basi. N'chabwino poyenda ndi galimoto yanu, koma m'ndege musachiyese.

Mpikisano weniweni uli pakati pa chikwama chasiponji chamatayala, monga Dakine Fall Line, Thule RoundTrip kapena Db Snow Roller, ndi chubu cholimba chapulasitiki monga Sportube. Poyamba ndinkaganiza kuti cholimbacho chapambana kale, poti chingagonjetsedwe bwanji ndi nsalu? Pa nkhani ya kuponderezedwa n'zoonadi. Chubu cha Sportube chili ndi zigawo ziwiri zolowana, mumachifupikitsa kapena kuchitalikitsa molingana ndi maski anu, ndipo ngakhale atasanjikapo masutikesi angati, kulemerako sikufika pa ski. Pa ulendo wosintha ndege kawiri katatu, monga wochokera ku Johannesburg kudzera ku Doha kapena ku Frankfurt, ine ndingasankhe chimenechi mosakayika, chifukwa katundu akadutsa m'manja ambiri mwayi wophwanyika umachulukanso.

Koma walira mvula walira matope. Chubucho pachokha chimadya kale makilogalamu angapo, pamene ndege zambiri zimalekeza pa makilogalamu 23 ndipo zina zotsika mtengo pa 20. Sichipindika, ndiye mukafika ku Geneva, ku Switzerland, n'kubwereka kagalimoto kakang'ono, mumayamba kulimbana nacho pamalo oimika galimoto. M'tizipinda ta m'mapiri a ku France, tija topanikiza anthu anayi pamalo a awiri, chimangoima pakona sabata yonse. Chinanso chimene ambiri sachiganizira n'chakuti mkati mwake namonso ndi molimba. Ski ikakhala ndi mpata wogwedera, imagunda pulasitikiyo ulendo wonse. Cholimba chakunja sichichotsa ntchito yokulunga ija.

Chikwama chasiponji chimapambana pa mfundo imodzi imene ndaiona kukhala yaikulu: chimatseguka utali wake wonse, ndiye mumatha kulongedza mukuona. Ndimayala jekete pansi, maski pamwamba pake, ndiwamange ndi malamba amkati, kenako mathalauzi, majuzi ndi matawulo ndiwafinyire m'mbali mpaka pasatsale poti chinthu n'kusuntha. Ndikatseka zipi ndimachinyamula n'kuchigwedeza. Ndikamva kuti gobede, ndimatsegulanso. Zovala zimene zikanafuna sutikesi yakeyake zasanduka chotetezera. Ingoonani kaye malamulo a ndege yanu, chifukwa zina zimafuna kuti m'chikwama cha zamasewera mukhale zida zokhazokha. Kufooka kwake kuli kumapeto konse kuwiri: chikagwa choimirira, mutu kapena mchira wa ski ndi umene umalandira nkhonya. Apa pamathandiza siponji ija yokutira mapaipi a madzi kuti asaundane m'nyengo yozizira, imene imapezeka m'sitolo iliyonse ya zomangira nyumba pamtengo wochepa. Muidule, muiveke kumutu ndi kumchira.

Pa utali musagule mwachisawawa. Chikwama cha masentimita 190 pa maski a 165 chimasiya mutu wolendewera umene umapindika n'kukwekwereka pansi. Db Snow Roller imakulungika kuti ifupike, ndipo ndicho chabwino chake chachikulu. British Airways imalandira chikwama cha maski chosapitirira masentimita 190 ngati gawo la katundu wanu wamba, choncho amene muli ndi maski aatali muyeze musanalipire.

Kwa amene timakonda kuyenda pagalimoto nkhani imasintha, chifukwa mdani amakhala mchere umene amathira m'misewu kuti isaterere ndi madzi oundana. Aliyense amene anakwerapo msewu wa A93 kupita ku Glenshee, ku Scotland, m'mawa wa Januwale amadziwa mmene galasi limadera ndi matope oyera amene magalimoto othira mchere amasiya. Zomwezo zimachitika mukatsika sitima ya pansi pa nyanja ku Calais, ku France, n'kuyamba tsiku lathunthu la msewu kulowera ku mapiri a Alps. Kaliyala yopana maski padenga, monga Thule SnowPack, ndi yosavuta: mphira zake zimagwira bwino osakala, ndipo kuika kapena kuchotsa ndi nkhani ya mphindi imodzi. Koma maski amakhala pamtetete. Madzi amchere amalowa m'masipuling'i a binding, ndipo ma edge amatha kuyamba dzimbiri usiku umodzi wokha. Pa ulendo wa mphindi 20 kuchokera kogona kupita kuphiri, kaliyala ilibe vuto, bola mitu ya maski iloze kumbuyo. Pa ulendo wa maola ambiri, maski atsopano sindingawaike pamenepo.

Bokosi lapadenga ndilo ndimalikhulupirira pa msewu wautali. Mchere sufika, miyala yothamanga sifika, ndipo limakhomeka mukatsika kukamwa tiyi. Ndi lodula, limawonjezera mafuta pang'ono, ndipo limakweza galimoto. Pa LeShuttle, sitima ya pansi pa nyanja ija, galimoto yopitirira mamita 1.85 imalowa m'mabogi ena, choncho muzinena msinkhu wake pogula tikiti. M'bokosimo muyale bulangete, chifukwa zomangira zake zimatulukira mkati ndipo zimakanda. Kulowetsa maski m'galimoto momwemo, kudzera pakabowo ka mpando wakumbuyo, n'kwaulere ndiponso kotetezeka ku mchere, koma akhale m'chikwama ndipo amangidwe. Ski yosamanga imacheka mipando, ndipo mukaponda buleki mwadzidzidzi imauluka ngati mkondo pakati pa ana anu. Apa ndi pamene chikwama chopyapyala chija chimapeza ntchito.

Pali chinthu chimodzi chimene chimathandiza njira zonsezi mofanana, ndicho phula. Uzani amisiri a m'sitolo ya maski kuti apake phula lokhuthala koma asalipale. Limaphimba P-tex ndi ma edge omwe, ndipo mumakalipala mukafika. Pobwerera, pukutani maski ndi nsalu youma ndipo agone panja pa chikwama usiku womaliza. Kutsekera ski yonyowa m'chikwama n'kuitana dzimbiri nokha. Likayamba, kamwala kofewa kotchedwa gummi stone kamalichotsa likadali laling'ono.

Ine panopa ndili ndi chikwama chasiponji chamatayala cha maulendo a ndege ya ku Geneva, ndi bokosi lapadenga la ku Scotland. Chubu cholimba ndimabwereka kwa mnzanga ulendo ukakhala wosinthasintha ndege. Ndikalandira maski pamalo a katundu wamkulu, ndimatsegula zipi pomwepo ndisanatuluke, ndipo ndimakhala nditawajambula kale pafoni ndisanawapereke. Pangano la Montreal la 1999, lokhudza maulendo a ndege pakati pa mayiko, limapereka masiku 7 okha oti mudandaule molemba katundu akawonongeka, ndipo fomu yake ndi bwino kuidzaza pabwalo pomwepo, chikwama chikadali ndi chikalata chake.