Sitima ya TAZARA: bedi lake n'labwino, koma kwererani mphanga

Ife okulira ku Mzuzu sitima yapamtunda timangoimva m'nkhani. Njanji ya dziko lino inafika ku Blantyre mu 1908, ku Salima mu 1935, pambuyo pake ku Lilongwe ndi ku Mchinji, koma kumpoto kuno sinapondeko. Sitima yathu ndi Ilala ikakocheza pa Nkhata Bay. Ndiye mnzanga amene timagulitsa naye zitenje mumsika wa Taifa atati ulendo uno wokaoda ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam tisiye basi tikakwere TAZARA, sitima ya pakati pa Tanzania ndi Zambia, pa Mbeya, ndinavomera chifukwa cha chidwi basi.

Njira yokafikira ku sitimayo amalonda mukuidziwa kale: kutsika Chiweta, Karonga, kudinditsa pa Songwe, kuwoloka mlatho wapansi, kenako basi yokwera mapiri a nthochi ndi tiyi a ku Tukuyu mpaka Mbeya. Anyamata osintha ndalama pachipata paja manja awo ndi achangu kuposa maso anu, mashilingi muziwerenga nokha iwo asanachoke. Siteshoni ili kunja pang'ono kwa tauni, chinyumba chachikulu chimene anamanga Matchaina.

Makalasi alipo atatu. Yoyamba ndi kachipinda ka mabedi anayi, yachiwiri ka mabedi asanu ndi limodzi, yachitatu ndi mipando. Amuna ndi akazi sagona chipinda chimodzi pokhapokha banja litalipira chonse. Ife tinatenga yachiwiri, ndipo ndalama yake sindikuilira. Amene anayendapo pa basi kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam akudziwa mmene mapazi amatupira. Muno umatambalala, zikwama zili pansi pa bedi, ukatopa n'kudzuka kukayenda m'kanjira ka m'bogi. Kuli bogi yodyeramo komwe amaphika nsima yawo yolimba ija, mpunga, nkhuku ndi tchipisi. Ine ndinakonda kwambiri za pawindo. Sitima ikangoima, amayi amathamangira ndi malichero a nthochi, mbatata ndi chimanga chootcha, iwe n'kungotulutsa dzanja.

Koma chimene chandikhazika pansi kulemba izi ndi mphanga. Njanji yonse, makilomita 1,860 kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi ku Zambia, ili ndi mphanga 22 zoboola mapiri, ndipo zambiri zili pakati pa Makambako ndi Mlimba, pamene sitima imatsika kuchoka kumtunda kozizira kupita kuchigwa cha Kilombero. Popita tinadutsapo usiku. Sindinaone kanthu, ndinangomva. Phokoso la mawilo limene linali kumwazikira kuthengo limabwerera lonse m'chipinda, makutu n'kutseka, mphepo yonunkha dizilo ndi chinyontho n'kulowa pawindo. Mayi wina wa ku Chibavi amene anali pabedi lapamwamba anadzambatuka.

"Amayi, kodi tagwa?"

"Gonani asisi, tili m'mimba mwa phiri," anatero mnzanga uja, osatsegula n'komwe maso.

Pobwerera m'pamene ndinaona, chifukwa mbandakucha unatipeza tikadali m'mapiri omwewo. Ndinaima m'kanjira nditafunda chitenje. Sitima ikakhota umaona injini kutsogolo ikulowa pakamwa pa mphanga, simenti yake yakuda ndi utsi wa zaka zonsezi, ndere ndi tizitsamba tikulendewera m'mbali, mabogi n'kumamezedwa imodziimodzi mpaka yako. M'kati ndi bii. Kuwala kwa nyali ya m'bogi kumangogwira khoma lonyowa limene likudutsa pafupi kwenikweni, moti mwana akafuna kusuzumira mumugwire malaya. Potuluka, nthawi zina sipakhala n'komwe nthaka: mphanga ikutha, mlatho ukuyamba pomwepo, pansi pali chigwembe chodzaza nkhungu, nsonga za mitengo zili kumunsi kwa mapazi ako. Usanapume bwino, mphanga ina. Ndadutsa pa Chiweta kuyambira ndili mtsikana ndipo ndimati mapiri ndimawadziwa, koma pa Chiweta timazungulira phiri. Awa analiboola.

Ukadziwa chimene anaboolera, mdima uja umaumva mwina. Mu 1965 Ian Smith atalengeza kuti Rhodesia (Zimbabwe ya lero) yadziimira payokha pansi pa ulamuliro wa azungu, Zambia inatsala pamoto, chifukwa mkuwa wake unkatulukira kum'mwera. Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere anafuna njanji yopita kunyanja yamchere kudzera ku Tanzania. Banki yaikulu ya dziko lonse ndi mayiko a azungu anati sizingapindule. China ndiye inavomera, n'kupereka ngongole yopanda chiwongoladzanja ndi antchito ake masauzande ambiri, amene anagwira limodzi ndi anthu a ku Tanzania ndi ku Zambia. Anayamba mu 1970, n'kumaliza mu 1975. Anthu oposa 160 anafera pantchitoyo, 64 mwa iwo a ku China, ndipo chigawo cha Mlimba ndi Makambako chomwechi ndiye chinali chovuta kuposa zonse.

Nthawi imeneyo a Kamuzu maso anali kum'mwera, ndipo mu 1970 momwemo anatsegula njanji ya ku Nayuchi yolowera ku Nacala. Koma nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za ku Nacala ndi ku Beira m'zaka za m'ma 1980, dziko lathu linatembenukira komwe kuno. N'chifukwa chake ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam kuli malo osungirako katundu wa Malawi, a Malawi Cargo Centres. Katundu ndi mafuta zinkakwera sitima yomweyi mpaka pa Mbeya, magalimoto n'kuzitsitsira ku Karonga. Ndiye ngakhale njanji sinafike kwathu, mphanga zimenezi zinatidyetsako.

Za nyama anthu amazitama kwambiri, poti njanji imadutsa m'mphepete mwa nkhalango imene kale inali mbali ya Selous, pano akuti Nyerere National Park. Ife tinaona akadyansonga, mbidzi ndi njiri zingapo zikuthawa michira ili m'mwamba. N'zosangalatsa, koma amene anafikapo ku Vwaza kapena ku Nyika sangadabwe kwenikweni.

Kodi wamalonda aziyenda pa sitima nthawi zonse? Ayi. Siyenda tsiku lililonse, ndipo ulendo wake umadya usana ndi usiku. Ngati kasitomala akudikira zitenje za chinkhoswe cha Loweruka, kwerani basi. Koma ngati muli ndi mpata, kapena mukufuna ana aone chinthu chimene amangochiwerenga m'buku la jogalafe, funsiranitu masiku amene imanyamuka pa Mbeya, gulani tikiti ya bedi nthawi ikadalipo, ndipo mphanga muziyembekezere pobwerera osati popita. Tengani madzi akumwa, tishu ndi tochi. Juzi musaiwale: kuzizira kwa pa Makambako m'mawa, ngakhale ife a ku Mzuzu amene timadzitama ndi chisanu cha mu June, tinagwedezeka nako.