Kuphunzira Chirasha ndi tinkhani tatifupi ku Ulongue: zomwe ndaona pa miyezi isanu

Mng'ono wanga atamaliza kalasi ya 12 anandiuza kuti akufuna kudzapempha mwayi wokaphunzira za migodi ku Russia, poti malasha a ku Moatize, kuno ku Mozambique, wakula akuwamva ndipo amalakalaka kudzagwira ntchito kumeneko ngati injiniya. Ophunzira akunja amene sadziwa Chirasha amayamba atha chaka chathunthu akuphunzira chinenerocho asanalowe m'maphunziro enieni, choncho tinagwirizana kuti ayambe kuchilawa ali konkuno. Ku Ulongue, tauni ya ku Angónia, kuli bambo wina wachikulire amene anaphunzira zaulimi ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene boma lathu linkatumiza achinyamata ambiri kumeneko, pambuyo pa pangano la ubwenzi limene mayiko awiriwa anasaina mu 1977. Bambowa amaphunzitsa Chirasha pakhonde la nyumba yawo Loweruka lililonse masana, ndipo munthu mmodzi amalipira mameticais 500 pa mwezi. Ine ndinapita tsiku loyamba kuti ndikangoona ngati ndalama yanga ikupita poyenera, koma ndinabwerako nditalembetsa dzina langa.

Chida chawo chachikulu ndi kabuku ka tinkhani 30 timene analemba okha ndi kukachititsa fotokope. Milungu itatu yoyamba sitinakatsegule n'komwe, chifukwa tinali pa zilembo. Chirasha chili ndi zilembo 33, ndipo zimene zinativuta sizinali zachilendo zija monga Ж kapena Щ, koma zimene zimaoneka ngati zathu pamene zili ndi liwu lina. Chilembo Р chimatchulidwa r, Н ndi n, В ndi v, С ndi s, ndipo У ndi u. Diso lozolowera Chichewa ndi Chipwitikizi limathamangira kuwerenga zomwe likudziwa kale, moti munthu amafunika kuligwira dzanja. Aphunzitsi sanatilole kulemba mawu a Chirasha m'zilembo zathu ngakhale tsiku limodzi, ndipo ngakhale poyamba ndinaona ngati akutiumira mtima, lero ndimawayamikira, pakuti anzathu awiri amene ankabera polemba katchulidwe m'mphepete mwa tsamba ndi amene akuwerengabe mojejemera.

Kankhani koyamba kali ndi mizere isanu ndi itatu yokha, ndipo kakunena za mnyamata amene akukwera sitima kupita ku Moscow kukaona agogo ake. Palibe chodabwitsa chimene chikuchitikamo, koma luso la mlembi lili pa kabwerezedwe ka mawu. Dzina la mzindawo likupezeka kanayi, ndipo paliponse lasintha kumapeto: mzindawo ndi Москва, mnyamata akupita в Москву, agogo amakhala в Москве, ndipo kalata yachokera из Москвы. Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu la Chirasha, chifukwa dzina limasintha mathero ake m'njira zisanu ndi imodzi malinga ndi ntchito imene likugwira m'chiganizo. Buku la galamala likanatipatsa tebulo lodzaza ndi mathero kuti tiloweze pamtima, koma bambowa anatiwerengetsa kankhanika katatu mokweza, kenako anatifunsa kuti tanena kangati dzina la mzindawo ndiponso chimene chasintha. Lamulo analitchula pomaliza penipeni, titaliona kale ndi maso athu.

Ndikhulupirira kuti njira imeneyi imatikomera ife olankhula Chichewa kuposa mmene aphunzitsiwo amaganizira. Tinakula tikumva nthano zimene mawu amodzimodzi amabwerezedwa nthawi iliyonse Kalulu akakumana ndi nyama ina, ndipo khutu lathu linazolowera kudikira chimene chasintha m'kati mwa zobwerezazo. Komanso kugwirizana kwa mawu si chinthu chachilendo kwa munthu amene amanena kuti mwana wamkulu, chingwe chachikulu, nyumba yaikulu popanda kuganizira. Chirasha chili ndi magulu atatu okha a mayina, achimuna, achikazi ndi apakati, ndipo mfotokozi amatsata dzina lake monga momwe zimakhalira kwathu, kungoti ife timasintha kumayambiriro kwa mawu pamene iwo amasintha kumapeto. Nditazindikira zimenezi pa kankhani kachinayi, mantha anga ambiri anatha. Chipwitikizi nachonso chimatipatsa mawu aulere, monga библиотека, музыка ndi билет, amene aliyense wopita kusukulu kuno amawazindikira akangotha kuwatchula.

Gawo limene ndimaliona kuti ndi lofunika ndalama zonse ndi mawu ojambulidwa. Lamlungu madzulo aphunzitsi amatumiza pa WhatsApp kankhani ka mlungu umenewo akuwerenga okha kawiri, koyamba pang'onopang'ono, kachiwiri pa liwiro la munthu wocheza. Popanda zimenezi kabukuka kakanatisocheretsa, chifukwa Chirasha sichitchulidwa ndendende monga chalembedwera. Liwu lililonse lili ndi phatikizo limodzi lotsindikidwa, ndipo chilembo o chikakhala pamalo osatsindikidwa chimamveka ngati a, moti молоко, kutanthauza mkaka, limamveka ngati malako. Kutsindika pamalo olakwika kumasinthanso tanthauzo. Mu kankhani ka mayi wopita kuchigayo muli liwu lakuti мука, limene ukatsindika kumapeto limatanthauza ufa, koma ukatsindika koyambirira limatanthauza mazunzo. M'mabuku a anthu akuluakulu a ku Russia chizindikiro cha kutsindika sichilembedwa, koma m'kabuku kathu bambowa anachiika ndi bolopeni pa liwu lililonse, tsamba ndi tsamba, ntchito imene iyenera kuti inawatengera masiku ambiri.

Palinso mavuto awiri a lilime lathu amene bambowa amawadziwa bwino poti anadutsamo okha. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo, koma m'Chirasha игла ndi singano pamene игра ndi masewera, ndipo analemba dala kankhani ka telala ndi mwana wake kuti mawu awiriwa azikumana mzere uliwonse. Vuto lina ndi lakuti maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu, choncho moni wawo wakuti здравствуйте timamuthira ma i ndi ma u mpaka atalike kawiri. Pa zimenezi amatiyimitsa mosatopa, ndipo amati, "Ana anga, musawonjezere chimene mwini chinenero sanaikepo."

Zofooka zilipo, ndipo ndizitchula chifukwa ndikufuna kuti maphunzirowa apite patsogolo. Choyamba, timawerenga kwambiri koma timalankhula pang'ono. Pa maola awiri a Loweruka, nthawi yoti munthu apange chiganizo chakechake sikwana mphindi khumi ndi zisanu, moti mng'ono wanga amatha kumva tsamba lathunthu koma akafunsidwa kuti wadya chiyani m'mawa amayamba wayang'ana kudenga. Ndinawapempha kuti tizifotokoza kankhani kalikonse m'mawu athuathu tikamaliza kuwerenga, ndipo anavomera, koma amaiwala nthawi zambiri. Chinanso n'chakuti tinkhani tina tili ndi fungo la zaka zimene iwo anali kumeneko. Anthu ake amatumizirana matelegalamu, amaima pamzere m'sitolo, ndipo palibe amene ali ndi foni ya m'manja, pamene mwana wopita ku Russia lero adzafunika kudziwa kugula khadi la foni ndi kudzaza fomu ya pa intaneti. Fotokope nayo ndi yofooka m'masamba ena, makamaka kuyambira tsamba 40, pomwe zilembo ш ndi щ sizisiyanitsika chifukwa kamchira kaja kanafufutika.

Chimene chinandikhumudwitsa koposa ndi kudumpha kumene kuli pakati pa kankhani ka 18 ndi ka 19. Mpaka pa 18 aneni a m'nkhani zonse ali m'nthawi yatsopano, ndipo mawu atsopano sapitirira khumi pa kankhani. Pa 19 nthawi yakale ikulowa pamodzi ndi aneni apawiri, chinthu chimene Chirasha chimachilemekeza kwambiri: читал ndi munthu amene ankawerenga, прочитал ndi amene anawerenga mpaka kumaliza. Kusiyana kumeneku sikovuta kukumvetsa kwa ife amene timasiyanitsa "ndinkawerenga" ndi "ndinawerenga", koma pafupifupi mneni aliyense ali ndi mnzake woti umuphunzire payekha, ndipo kankhani kamodzi sikangasenze katundu yenseyo. Pa anthu asanu ndi anayi amene tinayamba, atatu analeka pa mlungu umenewo. Pakanakhala tinkhani tina titatu kapena tinayi pakati pamenepo, ndikuganiza kuti akanakhalapobe. Zolemba pamanja nazonso sitinaziyambe, chonsecho m'kalembedwe ka pamanja т imaoneka ngati m ndipo и imaoneka ngati u, ndipo ku yunivesite aphunzitsi adzalemba pa bolodi mwa njira imeneyo.

Kwa munthu wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga amene angathe kufika ku Ulongue Loweruka, ndipo ali ndi foni yolandira mawu, ndinganene kuti mameticais 500 amenewa sakutayika, malinga ngati ali wokonzeka kuwerenga mokweza theka la ola tsiku lililonse kunyumba. Amene akufuna kulankhula msanga afunika kupeza mnzake woyeserera naye, monga tachitira ine ndi mng'ono wanga, amene tsopano timafotokozerana kankhani ka mlunguwo tikamapita kudimba kukathirira mbatatesi. Mwezi wamawa talipira kale, tili pa kankhani ka 23, ndipo aphunzitsi alonjeza kuti tikafika pa 25 tiyamba kulemba pamanja.